Chifuwa cha pa Nyimbo Yomaliza

Mvula ya tsiku limenelo inali yamwano. Inadikira kuti Mzime atuluke mu situdiyo, afike pa siteji ya basi, ndiye n'kuyamba kukhuthuka ngati yachita kutumidwa. Kadenga ka pasitejipo kanali kodontha, ndipo iye anafungatira chikwama cha gitala ngati khanda.

"Achemwali, mukulolera kunyowa inu kuti gitala asanyowe?"

Anacheuka. Mnyamata wamtali wa jekete yabulawuni anali atamuphimba kale ndi ambulera yaikulu yakuda.

"Ine ndikanyowa ndiuma," anayankha Mzime mosamwetulira. "Uyu akanyowa amapindika khosi."

"Ndiye timuteteze tonse awiri. Mumaimba?"

"Ayi. Ndi wa bambo anga, ine ndimangowanyamulira."

"Ali ndi mwayi bambowo. Ine wondinyamulira mtima wokhawu ndilibe."

Mzime anafuna kukwiya, koma kuseka kunamupulumuka. Basi yoyamba inadutsa yodzaza. Yachiwiri inali ndi malo, koma onse awiri anachita ngati sanaione. Mnyamatayo anati amagwira ntchito ku nyuzipepala, koma si mtolankhani ayi.

"Ine ndimangoika mipumiro ndi mipatuliro m'nkhani za anzanga. Za nyimbo musandifunse n'komwe. Kukwaya anandiuza kuti ndizingoyasamula, mawu ndisamatulutse."

Pokwera basi yachitatu, Mzime anali atapereka nambala. Mu foni yake anamulemba kuti "Wa Ambulera". Asanafike n'kunyumba komwe, uthenga unalowa: "Mvula ndinkadana nayo. Lero yandipezetsa dzuwa."

Mtsikana wanzeru zake n'kugwa ndi mawu otchipa ngati amenewo? Inde, anagwa! Koma musafulumire kumuseka. Panali patatha zaka ziwiri munthu asanamufunsepo za iye mwini. Aliyense wokumana naye ankangofunsa kuti, "Bambo ali bwanji?"

Bambo akewo anali a Zala Khumi. Achinyamata a lero dzinali amangolimva, koma makolo awo anafunsirana pa nyimbo za mkulu ameneyu. Ankapeka okha, kuimba okha, ndipo akagwira gitala anthu ankalumbira kuti akuimba anthu awiri. Mkazi wawo atamwalira anapachika gitala, n'kukhala chete zaka khumi ndi ziwiri. Ndiye pamene mtima unayamba kubwerera m'malo, nyimbo zatsopano zitayamba kuwavutitsa m'mutu, sitiroko inawagwetsa m'bafa. Anadzuka, anayambanso kuyenda, mawu anabwerera. Dzanja lamanzere lokha, lija lodinira nsambo, silinabwerere.

Anthu ankaona dzanjalo lili m'thumba la jekete n'kumati ndi sitayilo ya akatswiri. Odziwa zoona anali atatu basi: iwo eni, Mzime mwana wawo womaliza, ndi a Malume, mlongo wa malemu mayi ake, amene anali mwini situdiyo.

Chimbale chatsopano, chotchedwa Chitseko Sindinatseke, ankachijambula motere. Mzime ankakhala pa kampando kopanda choyedzamira, gitala pamiyendo. Bambo ake ankaima kumbuyo, dzanja lamanja paphewa pake. Akafinya phewa, Mzime ankadina nsambo mwamphamvu. Akamasula, iye ankafewetsa. Akagogoda ndi chala kawiri, ndiye kuti wathamanga. Anayamba kumuphunzitsa chonchi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, moti paphewapo pankadutsa zinthu zimene awiriwo sankatha kuuzana pakamwa.

"Zala ndi zako, mwanawe, koma m'gitalamo ndikulankhula ine," anamuuza tsiku loyamba. "Pachikuto tilemba dzina langa, kamodzi kokha aka, komaliza. Anthu akadzadziwa kuti dzanja linauma sadzamvanso nyimbo, azidzangomva chisoni. Undilole ndichoke ndili munthu wathunthu. Ndikudalira iwe."

Mzime anavomera ndi mtima wonse. Mwana wake uti akanakana?

Amene a Malume ankamuopa anali mmodzi yekha: Khutu Lakuthwa. Loweruka lililonse munthu ameneyu ankalemba za nyimbo m'nyuzipepala yaikulu ya mumzindamo. Dzina lake lenileni silinkadziwika, ndipo pamalo pa chithunzi ankangojambulapo khutu.

"Ameneyo salemba ndi cholembera, amalemba ndi fosholo," a Malume ankatero. "Ndi oimba angati wawakwirira ali moyo?"

Pamene mu situdiyo ankatuluka thukuta, kunja chikondi chinkakula ngati dzungu la m'dzinja. "Inu" uja anatha sabata yachiwiri, kunatsala "iwe". Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, Mzime akaweruka, ankapeza Wa Ambulera akumudikira pa siteji, ndipo ankakakhala m'kanyumba ka tiyi kuseri kwa sitolo ya nsapato, pa tebulo logwedera limene ankaliikira kapepala kunsi kwa mwendo.

Mauthenga ndiye osanena. M'mawa: "Njiwa yanga, wadzuka? Dziko lisayambe ntchito usanamwetulire." Masana: "Ndaika mpumiro pamalo olakwika katatu. Mlandu ndi wako." Madzulo: "Ndikadzakukwatira, ambulera ija tidzaipachika pabalaza, ana adzadziwe kumene anachokera."

Tsiku lina Mzime anamufunsa. "Kuntchito kwanu kuja, Khutu Lakuthwa umamudziwa?"

"Aa, ameneyo ndi mzukwa! Nkhani zake zimangotulukira pa kompyuta, mwini wake sitinamuonepo. Ine ndikamazikonza manja amachita kunjenjemera. Bwanji, bambo akumuopa?"

"Bambo anga saopa munthu."

"Ndiye basi. Imwa tiyi, akuzizira."

Patatha miyezi itatu, Lachitatu lina, Wa Ambulera anamugwira dzanja lamanzere, n'kulitembenuza. Anasisita nsonga za zala chimodzichimodzi. Zinali zolimba ngati chikopa cha lamba, ndi timizere ta nsambo.

"Njiwa yanga, zala izi si za munthu wongonyamula gitala."

Mzime anafuna kubweza dzanja, koma iye analigwira mofatsa.

"Usandiuze ngati sukundikhulupirira. Chikondi sichithyola chitseko. Kungoti mkazi amene ndidzakalambe naye ndimafuna ndimudziwe yense, ndi katundu amene wasenza yemwe. Ukutopa, ndikukuona. Nditulireko pang'ono."

Ukutopa! Palibe anali atamuuzapo mawu amenewo. Misozi inangoti mbwee, ndipo chinsinsi cha zaka ziwiri chinatuluka chonse pa tebulo logwedera lija: za m'bafa, za dzanja, za kampando, za phewa.

Sanalekere pomwepo. Mu foni yake munali chinthu chimene ankachisunga kuposa china chilichonse. Nyimbo yomaliza ya pachimbale, Mpando Wako Ukadalipo, bambo ake anaipekera malemu mkazi wawo. Tsiku loijambula koyamba, atafika pamzere womaliza, mawu anasweka. Kulira kunawatuluka kamodzi, kolemera, kochokera pansi pa mtima, kenako anati, "Imitsa, mwanawe. Sindingathe." Mawa lake anaimbanso mzerewo bwinobwino, n'kulamula a Malume kuti kulira kuja adule, kusamveke kwa munthu. A Malume anadula. Koma Mzime anali atakopera kale nyimbo yosadulayo, chifukwa chimwalirireni mayi ake anali asanawamvepo bambo ake akulira.

Anamvera awiri, kahedifoni kamodzi m'khutu mwa Mzime, kena m'khutu mwa Wa Ambulera.

"Apa akulira mayi anga," ananong'oneza Mzime.

Atayang'ana, anaona misozi ikutsika m'masaya mwa mnyamatayo. Mtima wake unasungunuka. Mwamuna wolira nawe maliro a mayi ako amene sanawaonepo, ungamufunsenso umboni wina wanji?

"Nditumizire," anatero Wa Ambulera akupukuta m'maso. "Ndizimva zala zako ndikakusowa."

"Ulumbire kaye."

Anaika dzanja pachifuwa. "Zimene wandiuzazi ndazikwirira, ndipo pamandapo sindiikapo chizindikiro. Ndikadzaulula, dzanja langa lolemberali lidzaume."

Mzime anadina, nyimbo inapita.

Chimbale chinatuluka kumayambiriro kwa mwezi wotsatira, ndipo mzinda unagwedezeka. M'mabasi, mometera tsitsi, m'masitolo, monse munali a Zala Khumi. Wolemba wina anati, "Mkango wakale wabangulanso." Wina anati, "Zaka khumi ndi zinayi za chete zanoletsa gitala ameneyu. Achinyamata, khalani pansi muphunzire." Mayi wina anaimba foni pa wailesi n'kulephera kulankhula, ankangosisima, chifukwa naye kunyumba kwake kunali mpando wopanda mwini.

A Zala Khumi ankadula nkhanizo ndi lumo, pepala atalipanikiza ndi chigongono, n'kuziika m'chikwama cha gitala.

"Werenganso ija ya mkango, mwanawe."

"Ababa, ndawerenga kale katatu!"

"Makutu ndi anga. Werenga."

Ankaseka ngati mwana, ndipo podutsa ankamufinya Mzime paphewa, osanena kanthu. Iye ankamva zonse.

Loweruka loyamba Khutu Lakuthwa sanalembe za chimbalecho. A Malume anapumira m'mwamba. "Mwina fosholo yake yathyoka," anatero.

Sinathyoke. Ankainola.

Loweruka lachiwiri a Malume analowa mu situdiyo osapereka moni, n'kuponya nyuzipepala pa tebulo la makina. Mutu wa nkhani unali wa zilembo zikuluzikulu: ZALA KHUMI WATSALA NDI ZISANU.

Mzime anawerenga ataimirira.

"Mwagula chimbale cha Chitseko Sindinatseke? Pepani, akuberani masanasana. Gitala amene mukumuyamikirayo sanaimbe ndi Zala Khumi. Dzanja lake lamanzere linafa zaka ziwiri zapitazo, ndipo akuyenda nalo m'thumba ngati maliro obisa. Woimba gitala ndi mwana wake wamkazi, amene dzina lake silikupezeka paliponse pachikuto. Nanga mawu? Mverani nyimbo yomaliza. Nkhalambayi ikulephera kuimaliza, ikungothera m'chifuwa ngati galimoto yotha mafuta. Chokoma chokha pachimbalechi ndi zala za mtsikanayo. Chitseko chimenechi, agogo, tsekani."

Foni ya pa situdiyo inayamba kulira osapuma. Pa wailesi yomwe ija, anthu omwe dzulo ankaombera m'manja anali akulavula moto. "Anatipusitsa!" "Kudyera mwana wake yemwe masuku pamutu!" Wolemba wa mkango uja anafulumira kunena kuti iye anakayika kuyambira pachiyambi. Anthu! Mtengo ukagwa aliyense amakhala ndi nkhwangwa.

A Zala Khumi anawerenga mpaka pamapeto. Kenako, pang'onopang'ono, anatulutsa dzanja lamanzere m'thumba ndi dzanja linzake, n'kuligoneka pa nyuzipepalapo. Linali lowonda, zala zitapindikira m'kati.

"Tinali atatu," anatero motsitsa mawu. Anatembenukira kwa a Malume. "Alamu, botolo lanu lija landigulitsa."

"Mwati chiyani?"

"Mukamwa mumayankhula ngati wailesi. Mwauza ndani?"

"Ine?" A Malume anadzimenya pachifuwa. "Ine amene ndinakunyamulani m'bafa muja muli mbulanda? Ine amene ndasunga pakamwa zaka ziwiri, ngakhale kwa mkazi wanga? Mlongo wanga akanakhala moyo simukanandilankhula chonchi!"

"Musamutchule!"

A Malume anatsomphola nyuzipepala ija mwaukali, n'kuyamba kuwerenga mokweza. Mwadzidzidzi anaima.

"'Ikungothera m'chifuwa.' Chifuwa chiti? Pamenepo ndinadula ndekha!"

Anaika chimbale cha m'sitolo m'makina, n'kudumphira kumapeto kwa nyimbo yomaliza. Mawu a a Zala Khumi anatsetsereka bwinobwino mpaka pamzere womaliza, gitala n'kutsekera. Panalibe chifuwa, panalibe kulira.

"Mwamva? Amene walemba izi sanamvere chimbale ichi. Wamvera yoyamba ija, yosadula."

"Ndipo yosadulayo," anafunsa a Zala Khumi, "ili mu kompyuta ya ndani?"

Inali mu kompyuta ya a Malume. Koma Mzime ankadziwa zoona. Anadziwa kumene kunali nyimbo ina yosadula, ndipo anadziwa kumene anaitumiza. Akanalankhula pomwepo! Koma anangoonerera akuluakulu awiri akutukwanizana chifukwa cha iye. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu.

Anathawira pakhonde n'kulembera Wa Ambulera uthenga: "Nyimbo ija unamvetsa ndani?"

Yankho silinachedwe. "Njiwa yanga, ndangoiona nkhaniyi, mtima wanga wasweka. Sindinamvetse munthu, ndikulumbira! Foni ndimaisiya pa chaja mu ofesi, mwina wina anaitsegula. Khutu ameneyu ndi chilombo. Ndikamudziwa, adzandiona."

Ndipo Mzime anakhulupirira. Inde, anakhulupiriranso! Mtima ukakonda umasanduka loya wa munthu amene akuupha. Ukali wake wonse anauunjika pa Khutu Lakuthwa, wakuba wotsegula mafoni a eni. Lamulungu lonse bambo ake anadzitsekera kuchipinda, chakudya chinabwerera chosakhudza. Lolemba m'mawa Mzime anavala nsapato zake zolimba, osauza munthu, n'kulunjika ku nyuzipepala kuti akamuone m'maso mzukwa ameneyo.

Pa tebulo lolandirira alendo panali mayi wa magalasi, akudinda makalata.

"Ndikufuna Khutu Lakuthwa."

"Mwanawe, ofuna ameneyo ndi ambiri, ena amabwera ndi zibonga. Sitiulula."

"Ndiye mundiitanire bwenzi langa. Ndi amene amaika mipumiro m'nkhani. Wamtali, wa jekete yabulawuni."

Mayiyo anatsitsa magalasi. "Wa mipumiro ndi gogo wina wamkazi, akupuma ntchito mwezi wamawa. Wa jekete yabulawuniyo ndiye..." Anadziluma mlomo, n'kuyang'ana msanga pa makalata ake.

Mzime sanadikire. Anakankha chitseko chagalasi, mayiyo akukuwa kumbuyo.

M'katimo munali chipinda chachitali, matebulo m'mizere, makompyuta ndi makapu a tiyi osatsuka. Kumapeto anthu anali ataunjikana, akuseka. Pakhoma anali atamatapo tsamba la Loweruka lija, ndipo pansi pake, atakhala pa tebulo miyendo ikulendewera, panali Wa Ambulera. Bambo wina wadazi, wa mimba yotsogola, woonekeratu kuti ndi mkonzi, ankamumenya pamsana.

"Nyuzipepala inatha isanakwane teni koloko! Khutu, ndiwe mfiti. Koma ambulera yanga ija undibwezere tsopano, ntchito yake yatha." Anatembenukira kwa enawo. "Mukudziwa kuti mnyamata uyu anaima pa siteji masiku atatu kudikira mvula? Akuti popanda mvula mtsikanayo sakanamuyankha!"

Chiseko chinaphulika. Kenako chinazima pang'onopang'ono, kuyambira kwa amene anali kuyang'ana kukhomo.

Wa Ambulera anatsika pa tebulo. Nkhope yake inachita ngati yathiridwa phulusa.

"Njiwa yanga..."

"Ukanditchulanso dzina limenelo ndikuswa mano ndi kapu iyi."

Mzime anadabwa ndi mawu ake omwe. Sanali kunjenjemera. Anayenda pakati pa matebulo, anthu akumupatukira.

"Masiku atatu? Unadikira mvula masiku atatu?"

"Tiye panja tikakambirane."

"Pompano! Sunayalutse bambo anga pagulu? Nawenso uyankhire pagulu."

"Chabwino." Anatsitsa mawu. "Poyamba inali ntchito, sindikana. Tinamva mphekesera za dzanja, ananditumiza. Koma kenako ndinakukondadi, Mulungu ndi mboni! Ndipo taganiza, ndanama pati? Anthu amagula chimbale, ayenera kudziwa zoona. Iwe unali kapolo mu situdiyo muja. Werenga bwino, ndakuyamikira! Lero mzinda wonse ukudziwa kuti katswiri ndi iwe. Ndakumasula."

"Ndinakutuma?"

"Ayi, koma..."

"Ndinakudandaulira kuti dzina langa palibe pachikuto? Zala ndi zanga, ndinawapatsa ndekha bambo anga, ndi mtima wanga. Iwe unali ndani kuti ukalande mphatso imene sunapereke?"



"Ukuti sunaname," anapitiriza Mzime. "Ndiyankhe ichi. Chinali chifuwa?"

Wa Ambulera anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa iwe, Khutu Lakuthwa, wakumva zimene ena samva! Tinamvera limodzi, kahedifoni kamodzi iwe, kamodzi ine. Ndinakuuza kuti akulira mayi anga. Chinali chifuwa?"

"Ndikanalemba kuti akulira," anayankha motsitsa, "anthu akanawamvera chisoni. Nkhani ikanafooka."

Mzime anamva ngati wamenyedwa khofi. Mpaka nthawi imeneyo kamtima kena kankayembekezabe kuti mwina analakwitsa, mwina anamukakamiza. Ayi ndithu. Anakhala pansi, anaganiza, n'kusankha kusandutsa misozi ya bambo wamasiye kukhala chifuwa cha nkhalamba, kuti nyuzipepala ithe isanakwane teni koloko.

"Unalira tsiku lija," anatero Mzime. "Ndinaiona misozi ndi maso angawa. Kapena nayonso unabwereka kwa abwana ako?"

Mkonzi uja anakhosomola n'kuyamba kusakasaka kanthu m'matumba.

"Unalumbira pa dzanja lako. Dzanja la bambo anga linauma osalakwira munthu. Lako ndi ilo, lonenepa, likudikira Loweruka lina. Lisaume ayi, sindikulitemberera. Likhale lamoyo, kuti tsiku lililonse ukaligwiritsa cholembera uzikumbukira chimene unagula nacho."

Ambulera ija inali itatsamira pa tebulo. Mzime anaitenga, n'kuipereka m'manja mwa mkonzi.

"Landirani katundu wanu, bambo. Wagwira ntchito."

Panja kunali kutayamba kuwaza. Anamva mapazi kumbuyo ndi mawu akuitana, "Mzime! Mzime, dikira!" Sanacheuke. Anayenda wapansi mpaka ku situdiyo, akunyowa, chifukwa ntchito yovuta kuposa ija inali ikumudikira.

Anawapeza onse awiri. A Zala Khumi anabwera kudzatenga magitala awo, ndipo a Malume ankakulunga mawaya atawafulatira. Anthu amene anadyera mbale imodzi zaka makumi atatu sankayang'anana.

"Ababa," anatero Mzime ali pakhomo, madzi akudontha m'tsitsi. "Si a Malume. Ndine."

Anafotokoza zonse, osadzichepetsera mlandu: za siteji, za mauthenga, za tebulo logwedera, za nyimbo imene anakopera mobisa. A Malume anakhala pansi pa bokosi la sipika, atagwira kumutu.

Bambo ake anamvetsera mpaka anamaliza.

"Za dzanja unamuuza?"

"Eya, ababa."

"Zimenezo ndikanazimva. Unali wekha, unatopa, ndipo mwina ine ndinakusenzetsa zolemera." Anapuma. "Koma nyimbo ya mayi ako. Kulira kwanga kuja, kumene ndinati kusamveke kwa munthu. Unamupatsa?"

"Ndinamupatsa."

"Ndipo Loweruka unaima apo, ukundimva ndikutukwana mlamu wanga."

A Zala Khumi anatembenukira kwa a Malume n'kuvula chipewa.

"Alamu, ndinakulakwirani. Mundikhululukire."

"Zatha, alamu. Koma mwanayu naye wachita kupusitsidwa, musamu..."

"Ndamva."

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino! Anatsegula chikwama cha gitala, n'kutulutsa timapepala tija ankadula ndi lumo, nkhani ija ya mkango ili pamwamba. Anatiyang'ana pang'ono, n'kutiponya m'bini ya pansi pa tebulo.

Foni ya Mzime inanjenjemera m'thumba. "Njiwa yanga, ndalakwa. Ndili pa siteji pathu paja. Ndidikira ngakhale masiku atatu." Anawerenga kamodzi, anafufuta uthengawo, anafufuta ndi dzina lomwe.

Ndiye posowa mawu ena, anachita chinthu chokhacho chimene ankadziwa. Anatenga gitala, n'kukhala pa kampando kake kopanda choyedzamira, msana kwa bambo ake monga mwa masiku onse. Anayamba Mpando Wako Ukadalipo. Anathamanga dala, kuthamanga koonekeratu, kumene kale kukanabweretsa chala chogogoda kawiri paphewa asanamalize mzere woyamba.

Anamva bambo ake akusuntha kumbuyo. Anamva mpweya wawo pafupi, ndi fungo la jekete yawo yonyowa. Phewa lake linadzikonzekeretsa lokha.

Kenako anamva chitseko chikutsekeka, pang'onopang'ono, mwaulemu.

Mzime anaimbabe mpaka kumapeto, phewa lili m'mwamba, likudikira. A Malume anamusiya amalize, kenako anadzuka n'kuzimitsa makina.